Tsiku Lomwe Sanamudzere Syd

Pa 26 January 1968, anyamata anayi anakwera galimoto mumzinda wa London kulowera ku Southampton, komwe ankayenera kukayimba pa yunivesite usiku wa tsikulo. Gulu lawo linali la anthu asanu. Wachisanuyo, Syd Barrett, anali kunyumba, ndipo nthawi zonse akamapita kokayimba ankayamba amudzera kaye pakhomo. Monga momwe David Gilmour wakhala akufotokozera, ali m'njira wina anafunsa ngati amudzere Syd, wina n'kuyankha kuti asavutike naye. Basi, nkhani inathera pomwepo. Galimoto inapitirira, anakayimba anayi okha, ndipo zinayenda bwino moti ulendo wotsatira panalibenso wofunsa.

Panalibe msonkhano, panalibe kalata yochotsa munthu ntchito, panalibe ngakhale mkangano woti anthu atukwanizane aliyense n'kulowera kwake. Richard Wright, woyimba kiyibodi m'gululi, ankakhala nyumba imodzi ndi Syd masiku amenewo. Iye anadzaulula kuti likafika tsiku lokayimba ankamuuza mnzakeyo kuti akukagula fodya, n'kutuluka. Pobwerako usiku kwambiri ankamupeza ali pomwe anamusiya paja, nthawi zina ndudu itapsa mpaka kufika pazala. Dziko linauzidwa mu April kuti Syd Barrett salinso mu Pink Floyd.

Kodi anyamatawa analakwa? Yankho limabwera msanga pakamwa, koma tadikirani kaye, tione kuti munthu amene anamusiyayo anali ndani kwa iwo.

Ambiri a ife Pink Floyd timayidziwira pa chithunzi chija cha kagalasi ka makona atatu kotulutsa utawaleza, chomwe chimapezeka pa malaya a pakaunjika, wovalayo asanamvepo nyimbo yawo ndi imodzi yomwe. Chithunzicho ndi cha chimbale cha 1973, The Dark Side of the Moon, ndipo pomwe chinkatuluka n'kuti patatha zaka zisanu Syd atachoka. Pink Floyd ya Syd ndi ina, ya chimbale chimodzi chokha chathunthu, The Piper at the Gates of Dawn, chomwe chinatuluka mu August 1967. Pa nyimbo 11 zomwe zili mmenemo, 8 anapeka yekha, ziwiri anapeka onse anayi, ndipo imodzi yotsalayo ndi ya Roger Waters. Mawu ambiri ankayimba ndi iye, gitala ankaliza ndi iye. Ngakhale dzina la gululo anabwera nalo ndi iye, polumikiza mayina a akuluakulu awiri akuda oyimba blues ku America, Pink Anderson ndi Floyd Council.

Dzina lake lenileni linali Roger Keith Barrett, wobadwira ku Cambridge pa 6 January 1946, mwana wa dokotala. Bambo akewo anamwalira ndi khansa mu December 1961, iye asanakwanitse zaka 16. Ku London anapitirako sukulu ya zojambulajambula ku Camberwell, pomwe Waters, Wright ndi Nick Mason anadziwanirana ku Regent Street Polytechnic akuphunzira kulemba mapulani a nyumba. Chakumapeto kwa 1966 gulu lawo linali litayamba kutchuka pa UFO Club, chipinda chapansi pa msewu wa Tottenham Court Road, pomwe achinyamata ankachezera mpaka kucha, zithunzi zamitundumitundu zikusungunuka pakhoma ndi pankhope za oyimba. Nyimbo za mtundu umenewu ankazitcha psychedelic, ndipo tisanamizane, zinkayendera limodzi ndi LSD, mankhwala ozunguza bongo omwe amachititsa munthu kuona mitundu ikuyenda, nthawi n'kuoneka ngati yaima. Boma la Britain linaletsa mankhwalawa mu 1966 momwemo, koma kuletsa ndi kwina, kusiya ndi kwina. Syd ankamwa, ndipo ankamwa kwambiri.

Chimbalecho anayamba kujambula mu February 1967 ku situdiyo ya EMI pa Abbey Road, wowatsogolera ali Norman Smith, yemwe kale anali injiniya wa The Beatles. A Beatles eniakewo anali m'chipinda china cha nyumba yomweyo, ali kalikiliki ndi Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band. Chitatuluka, cha anyamata atsopanowa chinafika pa nambala 6 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain. Syd anali ndi zaka 21.

Mukachipeza pa YouTube kapena pa Spotify, valani mahedifoni ndipo bandulo ikhale yokwanira, chifukwa ndi cha mphindi zoposa 40 ndipo si chongolawa n'kudumpha. Chimayamba ndi "Astronomy Domine": manijala wawo, Peter Jenner, akutchula mayina a zakuthambo pa chimkuzamawu, ngati uthenga wochokera m'chombo chomwe chasochera kumwamba, kenako gitala n'kulowa ngati ikutsika masitepe mumdima. "Interstellar Overdrive" imatenga pafupifupi mphindi 10 popanda liwu ndi limodzi lomwe. Imayamba ndi kanyimbo kogwirika bwinobwino, n'kumasuka, n'kubalalika ngati ng'ombe zopanda m'busa, ndipo pomwe wayamba kukayika ngati akudziwa njira yobwerera, iwo n'kubwerera. Syd ankatsetseretsa laita yachitsulo pa nsambo za gitala, phokosolo n'kulidutsitsa m'kamakina kobwereza mawu, mpaka gitala kusiya kumveka ngati gitala.

Koma mbali yomwe ine imandigwira mtima ndi inayo. Pakati pa phokoso lonselo pali tinyimbo tatifupi, tonga nthano za pamoto madzulo: ka mphaka, ka kamunthu kakafupi ka m'nkhalango, ka mwana yemwe amayi ake akumuwerengera nthano asanagone ndipo iye sakufuna kuti asiye, ka chidole choopsezera mbalame chomwe chaima chokha m'munda osadandaula. Yomaliza, "Bike", ndi ya mnyamata wofunsira mtsikana pomuonetsa chuma chake chonse, kuyambira njinga yobwereka mpaka kakhoswe kokalamba. Zonsezi ankaziyimba ndi Chingerezi cha kwawo, pa nthawi yomwe oyimba ambiri a ku Britain ankapinda lilime kuti amveke ngati a ku America. Amene munatopa ndi oyimba athu omveka ngati anabadwira ku Lagos kapena ku Kingston mukudziwa kuti zimenezi si zazing'ono.

Ndiye zinthu zinasokonekera mwachangu chodabwitsa. Mwezi womwe chimbale chinkatuluka, gululo linalephera kukayimba malo angapo chifukwa Syd sanali bwino, mpaka anapita naye pa chilumba cha Formentera ku Spain limodzi ndi dokotala kuti akapume. Sizinathandize. Mu November, pa ulendo wawo woyamba wa ku America, ankaima pasiteji n'kumangomenya malo amodzi omwewo pa gitala nyimbo yonse, kapena kumasula nsambo pang'onopang'ono anthu akuonerera. Pa wailesi yakanema akamufunsa funso ankangomuyang'ana wofunsayo, duu. Omwe ankamudziwa kale amatchula chinthu chimodzi: maso ake anazima. Chomwe chinawazimitsa anthu amakanganabe mpaka lero. Ena amaloza LSD, ena matenda a m'maganizo omwe akanabwerabe ngakhale popanda mankhwalawo, ena kutopa ndi chikakamizo cha anthu amalonda ofuna nyimbo ina yogulitsa sabata yamawa. Chodziwika n'chakuti mnyamata yemwe analowa mu Abbey Road mu February si yemwe anzake ankamuona pa Khirisimasi.

Tsopano tibwerere m'galimoto muja. Mlandu wowazenga anayiwo ndi wosavuta kulemba. Munthu anakupatsani dzina, anakupekerani nyimbo zomwe zinakutulutsani m'chipinda chapansi n'kukuikani pa wailesi, "Arnold Layne" ndi "See Emily Play" zonse zake, lero wadwala inu n'kumulambalala ngati dzenje la mumsewu. Waters anakula naye ku Cambridge. Gilmour, yemwe anatenga malo akewo, anali mnzake wakalekale, ankaphunzitsana gitala masana ali ku koleji. Makolo anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Sanati uyambe waona ngati kuzimako sikukuchedwetsa ku Southampton.

Komatu mwambi umenewu umaganiza kuti madzi ali pafupi, ndiponso kuti wozimayo akudziwa komwe moto ukuchokera. M'galimoto muja munalibe woposa zaka 24. Ndipo si kuti anangokhala manja lende. Waters amafotokoza kuti anapita naye kwa R. D. Laing, dokotala wotchuka wa matenda a m'maganizo, koma Syd anakana kutsika m'galimoto. Gilmour anamuitana poyamba kuti aziphimba mipata, kuti Syd akaima chilili gitala izimvekabe, ndipo kwa masabata ochepa mu January anayimba ali asanu. Anaganizaponso zoti Syd azikhala kunyumba n'kumapeka, enawo aziyenda, monga The Beach Boys ankachitira ndi Brian Wilson. Tsiku lina pokonzekera anawabweretsera nyimbo yatsopano, mutu wake uli funso lowafunsa ngati tsopano ayigwira. Akati ayigwire iye n'kusintha, akayambiranso iye n'kusinthanso, mpaka anazindikira kuti nyimboyo anaipekera dala kuti isagwirike. Nthabwala yanzeru zedi, koma lendi salipira ndi nthabwala yotere.

Pali funso linanso lomwe owazenga mlandu sakonda kufunsa. Kodi kumusunga pasiteji kunali chifundo? Munthu yemwe mutu sukuyenda bwino kumuimika pamaso pa khamu usiku ndi usiku, ena akumuseka, ena akuwomba m'manja poganiza kuti ndi luso latsopano. Kwa ine, pa zonse zomwe zinamuchitikira Syd, miyezi yomwe ankamukokera pasiteji ali chonchoyo ndi yoopsa kuposa tsiku lomwe anamusiya kunyumba. Ndipo tisaganize kuti anayiwo ankathamangira chuma chomwe ankachiona kale. Mamanijala awo, Peter Jenner ndi Andrew King, atauzidwa kuti asankhe anasankha Syd, pokhulupirira kuti gululo popanda iye silipita kutali. Aliyense wodziwa malonda a nyimbo mu 1968 akanasankha chimodzimodzi.

Choncho kulekana nayeko ine sindiwayimba nako mlandu. Ulipo ubwenzi womwe umafika poti kupitiriza kuyendera limodzi kukuvulaza onse. Chomwe chimandivuta ndi fodya uja.

M'chinenero chathu kuchoka ndi kutsanzika ndi zinthu ziwiri. Mlendo wochoka osatsanzika timati wazemba, ndipo timayamba kuyang'ana ngati palibe chasowa m'nyumba. Kutsanzika sikusintha zoti ukupita, ulendo ulipobe, koma kumamuuza wotsalayo kuti iwe ndiwe munthu, uli ndi ufulu wodziwa, wokwiya, wonditukwana, wondichonderera kuti ndikhale, ngakhale ine ndikana. Bodza la fodya limamulanda munthu zonsezo nthawi imodzi. Limamusandutsa chinthu choti anthu azichizungulira, ngati chitsa cha pabwalo. Wina anena kuti, aaa, akanamuuza akanamva ngati? Munthu wopeka nthabwala ya nyimbo yosagwirika ija sanali wosazindikira zomwe zikuchitika. Mverani "Jugband Blues", nyimbo yake yomaliza ndi gululi, yomwe anajambula chakumapeto kwa 1967 ndipo inatseka chimbale chachiwiri, A Saucerful of Secrets, mu 1968. Ndi nyimbo ya munthu yemwe akuona bwinobwino kuti anzake ayamba kumutenga ngati palibepo. Pakati pake anaikapo oliza malipenga a Salvation Army, n'kuwauza kuti aliyense alize zomwe akufuna. Ngakhale zikanakhala kuti sakanamva, mawu otsanzika sayeza kaye ngati womvayo ali ndi mutu wabwino. Timatsanzika agogo omwe anasiya kutizindikira. Timatsanzika ndi maliro omwe.

Timakonda kunena kuti tinabisa choonadi pomuteteza wodwalayo. Nthawi zambiri timakhala tikudziteteza tokha ku mphindi zochepa zowawa zomuyang'ana m'maso. Eniakewo atakula sanabise kuti nkhaniyi sanayiyendetse bwino. Ndipo ife a mafoni tisatalikitse chala polozera. Gulu la WhatsApp latsopano lija limatsegulidwa mwakachetechete, mayina onse alimo kupatula limodzi, la mnzathu uja wayamba kulemba zosamveka 2 koloko ya usiku, ndi galimoto yomweyo ya ku Southampton.

Nkhani ikanathera apa ikanakhala yophweka kuweruza, koma sanamutaye kotheratu. Gilmour ndi Waters anathandiza kumaliza chimbale chake choyamba cha payekha, The Madcap Laughs, chomwe chinatuluka mu January 1970. Gilmour ndi Wright anagwira chachiwiri, Barrett, cha mu November chaka chomwecho. Inali ntchito yofuna mtima wautali, chifukwa Syd sankayimba nyimbo kawiri mofanana, moti oliza zida ankachita kumutsatira pambuyo ngati mwana wongoyamba kuyenda. Kenako, kwa zaka zonse zotsatira, Gilmour ankaonetsetsa kuti ndalama za nyimbo zake zikumufika, ndipo nyimbo za Syd zinkaikidwa m'zimbale zosonkhanitsa nyimbo zakale, monga Echoes cha 2001. Kodi ndalama zimalipira kutsanzika komwe sikunachitike? Sizilipira. Koma amene munasamalirapo wodwala mukudziwa kuti anthu obwera ndi chisoni ndi ambiri, obwera ndi ya sopo ndi ochepa, ndipo obwera nayo zaka 30 osadumphitsa ndi osowa.

Pali ngongole ina yovuta kuwerengera. Syd atachoka pasiteji analowa m'nyimbo zawo. Misala ndi umodzi mwa mitu ya The Dark Side of the Moon. "Shine On You Crazy Diamond", ya m'chimbale cha 1975, Wish You Were Here, ndi ya iyeyo. Ngakhale mu filimu ya The Wall ya 1982 muli woyimba wosokonezeka yemwe akudzimeta nsidze, ndipo aliyense wodziwa mbiriyi amadziwa komwe chithunzicho chinachokera. Zimbalezi zinagulidwa mamiliyoni ankhaninkhani. Ndiye kodi kumeneku n'kulira maliro kapena n'kudyera pamaliro? Ine ndimaona zonse ziwiri, ndipo sindikhulupirira kuti munthu angazilekanitse ndi mpeni. Woyimba amalira ndi nyimbo chifukwa ndi chomwe ali nacho, ndipo nyimbo zimagulitsidwa. Kungoti mwini malirowo anali moyo, akuyenda m'misewu ya London yomweyo, ndipo palibe anamupempha chilolezo.

Pa 5 June 1975, gululo lili mu Abbey Road kumalizitsa nyimbo ya Syd yomweyo, munalowa bambo wonenepa, wometa mpala, nsidze zometanso. Anakhala nawo kwa kanthawi, aliyense akuganiza kuti ndi mlendo wa mnzake. Anali Syd, wa zaka 29. Omwe analipo amati Waters anagwetsa misozi. Anthu amakonda kufotokoza nkhaniyi ngati ya mizimu, kuti taonani, anatulukira tsiku lomwe ankamuyimba. Ine chomwe chimandisautsa n'china. Ankayimba za Syd wa m'mutu mwawo, wowonda, wa tsitsi lopotana, wa maso owala, wa 1967. Syd weniweni atalowa pakhomo sanamuzindikire.

Apa ndi pomwe ife omvera timalowa m'nkhaniyi, ndipo mlandu wathu ndi wokulirapo chifukwa ife sitinali ndi konsati yothamangira. Timati wamisala anaona nkhondo, ndipo mwambiwu ndi wabwino, umatichenjeza kuti tisanyoze mawu a munthu chifukwa cha momwe akuonekera. Koma tili ndi chizolowezi choutembenuza kuti uzinena kuti misalayo ndiyo imapatsa maso. Pitani mukawerenge zomwe anthu amalemba pansi pa nyimbo za Syd pa intaneti: mneneri, munthu yemwe anaona kutali kwambiri mpaka osabwerako, nyenyezi yomwe inayaka mopitirira. Nkhani yokoma, eti? Imatipatsa chilolezo chosangalala ndi kuvutika kwa munthu, chifukwa tayesa kuti ndi mtengo womwe analipira pogula luso.

Nyimbo zake zoyambirira zimatsutsa zimenezi. Mverani momwe "Lucifer Sam" yamangidwira, momwe "Bike" imasewerera ndi mawu osaphonya phazi, momwe "Arnold Layne" imafotokozera nkhani yathunthu ya mkulu woba zovala za amayi pa chingwe m'mphindi zitatu zokha. Imeneyo ndi ntchito ya mutu wakuthwa, wansangala, wa munthu wowerenga mabuku ndi wodziwa poyambira ndi pothera. Yerekezani ndi zimbale za 1970. Muli nyimbo zokongola, inde, zina zobaya mtima kuposa chilichonse cha mu Piper, koma mumamvanso munthu akuphonya, akuyambiranso, akutembenuza pepala pakati pa nyimbo. Zitatha zimenezo panalibenso chimbale. Mu 1972 anayesa gulu lina ku Cambridge, Stars, lomwe linatha litangoyimba kangapo. Mu 1974 anamubwezera mu Abbey Road kwa masiku ochepa, osatulukamo nyimbo yomalizidwa ndi imodzi yomwe. Matendawo sanamupatse nyimbo, anamulanda zomwe anali nazo. Ndikunena izi mobwereza chifukwa pali achinyamata, kuno ndi kwina konse, omwe amakhulupirira kuti luso lili mu utsi kapena m'mapiritsi, ndipo dzina la Syd limatchulidwa ngati umboni.

Mutu wa chimbalechi Syd anautenga m'buku la ana lomwe ankalikonda, The Wind in the Willows, la Kenneth Grahame, la 1908. Ndi mutu wa chaputala 7, ndipo m'Chichewa tingati woliza chitoliro pa zipata za m'bandakucha. Nkhani yake ndi iyi. Mwana wa Katumbu wasowa masiku angapo, bambo ake akuchezera usiku pa doko pomwe ankamuphunzitsira kusambira, kudikira kuti mwina atulukira. Khoswe wa m'madzi ndi mnzake Mfuko akulephera kugona, ndiye akukwera bwato usikuwo kukamusaka. Chakum'bandakucha akumva chitoliro chokoma kwambiri, akuchitsatira mpaka pa kachilumba, ndipo akumupeza mwanayo ali mtulo pakati pa mapazi a Pan, mulungu wa tchire wa Agiriki, wa nyanga ndi ziboda. Kenako Pan akuwapatsa mphatso yachilendo: kuiwala. Akuwafufutira zomwe aonazo kuti chikumbumtima cha chinthu chachikulu chotero chisadzawaphimbire tizisangalalo tating'ono ta masiku otsala a moyo wawo.

N'zovuta kuwerenga chaputala chimenechi osaganiza za zomwe zinatsatira. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Syd anabwerera ku Cambridge kosabwereranso, ulendo wa makilomita pafupifupi 80 womwe anayenda wapansi. Anakakhala m'nyumba ya amayi ake, n'kubwerera ku dzina lake la Roger. Ankajambula zithunzi ndi utoto, ntchito yomwe anapitira ku London poyamba paja, ankalima maluwa, ankakhoma timashelefu ndi timatebulo. Zithunzi zambiri akamaliza ankazitola ndi kamera, kenako n'kuziwononga. Mlongo wake, yemwe ankamuyang'anira, ankakana zomutcha mchimwene wakeyo wamisala. Kwa iye anali munthu wokonda kukhala yekha, yemwe anali atathana ndi moyo wina n'kuyamba wina. Achibale ankati kumukumbutsa za Pink Floyd kunkamusokoneza mtima.

Koma dziko silinamupatse mphatso ya Pan. Okonda nyimbo zake ankachokera kutali kudzagogoda pakhomo pake, atanyamula zimbale kuti asainire dzina lomwe iye analisiya. Atolankhani ankamubisalira ndi makamera akupita kogula zinthu, mawa chithunzi chili m'nyuzipepala: taonani momwe wathera. Onsewa ndikhulupirira ankadziona ngati Khoswe ndi Mfuko, anthu amtima wabwino okasaka wosochera. Anaiwala momwe chaputala chija chimathera. Awiriwo atamupeza mwanayo anamutsitsa m'bwato pafupi ndi doko, anamuonerera akuthamangira kwa bambo ake, n'kutembenuza bwato osadzionetsa.

Omwe sanapite kukagogoda ndi anayi aja. Pomvera achibale, anakhala kutali zaka zonsezo. Ndiye taonani chomwe chachitika apa: anthu omwewo, khomo la munthu yemweyo, kudutsa osaima kawiri konse. Ulendo woyamba ndautcha mantha, wachiwiri ndikuutcha ulemu. Woonera pamsewu sangasiyanitse, galimoto yangodutsa basi. Ndipo munthu wokayikira anganene kuti wachiwiriwonso unali wophweka kwa iwo, kuti pempho la achibale linawamasula ku ulendo womwe ankauopa kale. Mwina n'zoona. Chinthu choyenera nthawi zina chimapezekanso kuti ndi chophweka, ndipo palibe munthu amadziwa mtima wake mokwanira kuti alumbire chomwe chinamuyendetsa. Kusiyana komwe ine ndikukuona ndi kumodzi. Mu 1968 anayiwo anagwirizana okhaokha za munthu wachisanu, iye osafunsidwa. Zaka za ku Cambridge zija chofuna chake chinamveka, ngakhale chinadzera pakamwa pa achibale, ndipo iwo anachitsatira, pomwe alendo omwe sanamudziwepo ankachipondereza m'dzina la chikondi.

Roger Barrett anamwalira pa 7 July 2006 kunyumba kwake ku Cambridge, ali ndi zaka 60, atadwala shuga kwa zaka zingapo ndipo pomaliza khansa ya kapamba. Maliro ake anali a pabanja, ndipo panalibe wa Pink Floyd ndi mmodzi yemwe. Mu November chaka chomwecho katundu wa m'nyumba mwake anagulitsidwa pa okushoni mumzinda momwemo: zithunzi zochepa zomwe sanawononge, makope ake, timipando ndi timashelefu tokhoma yekha tija. Anthu anapikisana mitengo kuchokera m'mayiko osiyanasiyana. Pa katunduyo panalinso njinga zake ziwiri, zomwe anazipenta yekha.